Mabungwe ndi sukulu za boma: kodi thandizo likufika kwa mwana uti?

Mphunzitsi wa ku Chigwa

Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha, pamene tinali pa maphunziro a aphunzitsi ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a m'zoni yathu. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina kuno ku chigwa cha Shire, kutali ndi msewu wa phula, ndipo mvula ikayamba galimoto sizifika chifukwa mtsinje umene timawoloka ulibe mlatho. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinakhala limodzi ndi mnzanga wa pa sukulu ya m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo pocheza anandiwerengera zikwangwani za mabungwe zimene zaima pakhomo pa sukulu yawo. Bungwe lina limapereka ufa wa phala, lina linamanga zimbudzi za atsikana pamodzi ndi chipinda chosinthiramo, lina linakumba mjigo, ndipo linanso limalipirira ana amene asankhidwa kupita ku sekondale. Kwathu kulibe chikwangwani ngakhale chimodzi. Kalasi yanga ili pansi pa mtengo wa nimu, bolodi timaikoleka pa msomali, ndipo kumwamba kukangochita bii ndimauza ana kuti atole matumba awo azipita.

Sindikumuchitira nsanje mnzangayo, pakuti ana amene iye akuphunzitsa nawonso ndi a anthu osauka. Chimene ndikufuna kumvetsa n'chakuti mabungwe onsewa amanena kuti akugwirana manja ndi boma kuti mwana aliyense akhale ndi mwayi wofanana wa maphunziro, nanga zimatheka bwanji kuti thandizo liziunjikana pamene pali kale thandizo? Amene amasankha sukuluzi ndani, ndipo amayang'ana chiyani? Ndikudziwa kuti pano pali alangizi, ogwira ntchito m'mabungwe ndiponso makolo, choncho ndikupempha kuti tiunikirane.

Mlangizi Wopuma

Aphunzitsi, funso lanuli ndi lakale ngati sukulu zimene za dziko lino. Maphunziro athu anayamba ndi amishoni, a Livingstonia kumpoto, a Blantyre kummwera, a Nkhoma m'chigawo chapakati, kenako Akatolika, ndipo mpaka lero sukulu zambiri za pulayimale eni ake ndi mipingo pamene aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma. Ngakhale nthawi imeneyo, mudzi woyandikana ndi mishoni ndiwo unkatsogola, ndipo madera ena, makamaka a Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga, anatsalira zaka zambiri chifukwa makolo ankaopa kuti ana awo akawasintha chipembedzo.

Chimene chinachulukitsa mabungwe ndi chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu anali osakwana 2 miliyoni, koma m'chaka chimodzi chokha anafika cha m'ma 3 miliyoni. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 1 panthawiyo, ndipo ndikukumbukira m'mawa wa tsiku lotsegulira, bwalo litadzaza mpaka kumanda kwa tchalitchi, ena mwa olembetsawo ali anyamata a msinkhu woti n'kulima munda paokha. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji, amene pambuyo pake anaphunzitsidwa ali pantchito kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Makalasi, mabuku ndi zimbudzi zinaperewera kotheratu, ndipo mpata umenewo ndiwo mabungwe analowerapo.

Pa za kasankhidwe, ndondomeko ilipo ndithu. Bungwe lisanayambe ntchito m'boma lililonse liyenera kukaonekera pamaso pa komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ku khonsolo, imene timaitchula kuti DEC, ndipo ofesi ya zamaphunziro imayenera kuliuza kumene kuli kusowa kwakukulu. Koma pa zaka zimene ndinali mlangizi wa zoni, mabungwe ambiri ankafika atasankha kale sukulu zawo. Ankabwera kudzatidziwitsa, osati kudzatifunsa. Ifenso tisadziyeretse, tinkachita manyazi kutsutsana ndi munthu amene wabwera ndi mphatso m'manja, poopa kuti angakhumudwe n'kupita nayo ku boma lina.

Wa ku Bungwe

Alangizi, sindikana zimene mwanenazi, chifukwa ine ndemwe ndakhalapo m'gulu la odzadziwitsawo. Ndiloleni ndifotokoze mmene zimayendera mkati, osati podziikira kumbuyo, koma kuti tione pamene pagona vuto. Ndalama zimene timagwiritsa ntchito zimabwera pa mgwirizano wa zaka zitatu kapena zisanu, ndipo mwini ndalamazo amafuna kudziwa kuti tafikira ana angati ndi ndalama zingati. Sukulu ya pa msewu yokhala ndi ana ochuluka imakwaniritsa chiwerengerocho msanga, pamene ya kutsidya kwa mtsinje, yokhala ndi ana ochepa, imadya mafuta ambiri, imafuna galimoto yolimba, ndipo thumba la simenti limakafika kumeneko litakwera mtengo chifukwa cha ngolo ndi osenza pamutu. Wolemba bajeti ali mu ofesi ku Lilongwe amangoona kuti mwana wa kutsidya ndi wokwera mtengo kuposa wa pa msewu, basi cholembera chake chimapendekera komweko. Palinso china chimene sitinena poyera: alendo akunja akabwera kudzayendera ntchito amakhala ndi tsiku limodzi lokha, ndipo amafuna kuti dzuwa lisanalowe akhale atabwerera ku hotela.

Ndinalimbanapo ndi abwana anga pa nkhani imeneyi. Ndinapempha kuti pa sukulu zimene tinkasankha chaka chimenecho, zisanu zikhale zovuta kufikako, iwo n'kuvomera ziwiri. Popita ku imodzi mwa ziwirizo, lole yonyamula malata inatitimira m'matope masiku atatu, mpaka anthu a m'mudzi anasenza malatawo awiriawiri kukafika nawo pa sukulu. Polemba lipoti sindinapeze malo olembapo zimenezo. Fomu inkangofunsa kuti mdadada watha kapena sunathe, ndiponso chifukwa chimene tinapitirira bajeti ya mafuta.

Komabe tisanene ngati mabungwe onse amathawa kumudzi. Makoleji a aphunzitsi a bungwe la DAPP, monga ya Chilangoma ku Blantyre ndi ya Amalika ku Thyolo, anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa aphunzitsi okagwira ntchito kumidzi, ndipo ku Dzaleka ana a anthu othawa kwawo akuphunzira m'sukulu zimene bungwe la JRS limayendetsa. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Nachisale wa Gulu la Amayi

Achimwene a ku bungwe, mwambi wanuwo ndaumva, koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndili m'gulu la amayi pa sukulu ya m'mudzi mwathu, ndipo ndikufuna kukumbutsa gulu lino kuti pa mgwirizano umene mukukambawu pali mbali yachitatu imene dzina lake silipezeka pa chikwangwani. Pa sukulu pathu phala lilipo, ndipo sindingalinyoze, chifukwa ndaona ndi maso anga mmene ana amachulukira m'makalasi miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, pamene kale nthawi imeneyo ankajomba kukachita ganyu ndi makolo awo. Koma phalalo silidziphika lokha. Midzi imasinthana masiku, ndipo tsiku la mudzi wathu timadzuka tambala woyamba, kutunga madzi ku mjigo ndowa zambirimbiri, kusonkha moto, kutakasa ndi mthiko waukulu ngati nkhafi mpaka mapewa kuwawa, kuti ana akamafika ndi makapu awo lipezeke litapsa. Nkhuni ndi zathu, nthawi ndi yathu, ndipo tsiku limenelo kumunda sitipita.

Sindikupempha malipiro, ana ake ndi athu omwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti pokonza dongosolo sitifunsidwa. Chaka china anasintha nthawi yogawira phala popanda kutiuza chifukwa chake, ndipo ana ochokera midzi ya kutali, amene ndiwo anjala kwenikweni, ankafika mphika utatha. Zinatitengera teremu yathunthu kuti mawu athu amveke, chonsecho ife ndi amene timadziwa mwana aliyense ndi khomo limene amachokera. Ndife omwe timapita kwa makolo mtsikana akasiya sukulu, ndife timasoka nsalu zoti atsikana azigwiritsa ntchito akakhala kumwezi, ndipo mtsikana akabereka ndife timakachonderera agogo ake kuti azitsala ndi khanda iye abwerere m'kalasi, monga lamulo la boma la 1993 limalolera. Ngati mukufuna kudziwa mwana amene watsalira, yambani mwatifunsa ife musanatsegule kompyuta.

Wa ku Glasgow

Amayi Nachisale, mawu anu andikhudza, chifukwa kuno ku Scotland nkhani ya phala la ana a ku Malawi ndi yodziwika kwambiri. Bungwe la Mary's Meals, limene anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow, linayambira ntchito yake ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero likudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu za kwathu. Amene amasonkha ndalamazo si anthu olemera okhaokha ayi. Ndaona ana a sukulu ndi agogo a m'matchalitchi akugulitsa makeke kuti apeze kangachepe kotumiza. Bungwelo silibisa kuti ntchito yake imatheka motchipa chifukwa ophika ndi anthu ongodzipereka a m'midzi, koma ndikayika ngati wogula keke uja amazindikira kuti kudzipereka kumeneko ndi tsiku lathunthu la kumunda m'nyengo yopalira.

Funso langa kwa odziwa ndi ili: ndamva kuti pali njira ina, imene WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, yakhala ikulimbikitsa m'maboma ena, yoti sukulu izipatsidwa ndalama n'kumagula chakudya kwa alimi a m'dera lomwelo. Kodi njira imeneyi siingathandize sukulu ngati ya aphunzitsi athu a ku chigwa, kumene lole siifika?

Nachisale wa Gulu la Amayi

Ingathandize chaka chimene alimi akolola, achimwene. Koma chaka cha chilala kapena cha madzi osefukira, mlimi amene mukuti agulitse ku sukuluyo ndi yemwe ali pa mzere wolandira chimanga, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ana amalifunitsitsa phalalo. Kwa ine njira ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi.

Mwana wa CDSS

Ndapempha kulankhulapo monga mmodzi mwa amene anathandizidwa. Nditakhoza mayeso a Sitandade 8 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera (CDSS), ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera kwathu, ndipo mayi anga, amene ankagulitsa masamba, sakanakwanitsa fizi, yunifolomu ndi ndalama za mayeso. Bungwe lina linandilipirira zonsezo kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4, ndipo lero ndine namwino. Choncho wina akamati mabungwe ndi opanda ntchito, ine sindingavomereze.

Chimene ndinaona kuti chinayenda bwino ndi kasankhidwe kake. Sanabwere ndi mayina. Anasiyira komiti ya aphunzitsi, makolo ndi mafumu kuti itchule ana ovutikitsitsa, kenako anthu anabwera kunyumba kwathu kudzaona okha mmene tinkakhalira. Ndamva kuti CAMFED, imene inayambira ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika ku Malawi mu 2009, nayonso imadalira makomiti a m'maboma ndi m'sukulu posankha atsikana, ndipo amene amaliza amalowa m'gulu la CAMA n'kumabwerera m'sukulu kukalangiza azing'ono awo. Pamenepo thandizo limabereka thandizo lina, bungwe lisanatulutsenso ndalama.

Koma pali chimene chimandilasa mumtima mpaka lero. Mchimwene wanga wamng'ono, amene m'kalasi ankandiposa, naye anasankhidwa patapita zaka ziwiri, koma malo a thandizo anali a atsikana okha. Anayesa teremu imodzi, kenako anayamba kabaza, ndipo pano ali ku Joni. Ndikumvetsa chifukwa chimene atsikana anaikidwira patsogolo, pakuti ndinaona anzanga akukwatiwa ali ndi zaka 15, malamulo asanakhwimitsidwe mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Ngakhale zili choncho, m'nyumba imodzi ya mayi mmodzi wosauka, kusankha mwana mmodzi n'kusiya mnzake chifukwa ndi mnyamata sikunandikhalire bwino, ndipo ndimafuna nditamva maganizo a gulu pa zimenezi.

Mlangizi Wopuma

Mwana wanga, zimene wanenazi n'zoona, ndipo m'madera a usodzi ndi a malire anyamata amene akusiya sukulu ndi ambiri. Vuto lake ndi lomwe lija anafotokoza achimwene a ku bungwe: mwini ndalama amasankhiratu mtundu wa mwana, kenako ife timakafunafuna mwana wolowa m'chikombole chimenecho. Komiti ya pa sukulu itapatsidwa ufulu wotchula ovutikitsitsa mosayang'ana kuti ndi mnyamata kapena mtsikana, atsikana akanachulukabe pa mndandanda, koma mlongo wako sakanatsala.

Wokhometsa Mafunso

Ndawerenga zonse mwachidwi, koma ndikuona kuti tikuzungulira chitsa. Sukulu zimene tikukambazi ndi za boma, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza kwa mwana aliyense. Udindo womanga kalasi kutsidya kwa mtsinje si wa mlendo, ndi wa amene timawapatsa misonkho. Tikamathera mphamvu zathu pa kudandaula kuti bungwe lasankha sukulu yolakwika, tikuvomereza mwakachetechete kuti mwayi wa mwana uzidalira chifundo cha munthu wa ku dziko lina, ndipo aphungu athu amasangalala tikamatero chifukwa palibe akuwafunsa kanthu.

Taonani zimene zinachitika mu 2025. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale n'kutseka USAID, nthambi yake yopereka thandizolo, ntchito zambiri zinaima mwadzidzidzi. USAID yomweyo ndi imene inathandiza kwambiri ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa ana kuwerenga, imene inayamba mu 2016, ndiponso inamanga sukulu za sekondale zoyendera m'madera a kumidzi. Zinali ntchito zabwino, koma chiganizo cha munthu mmodzi ku Washington chinakwanira kuzigwedeza. Kodi dziko lingamange tsogolo la ana ake pa maziko otere?

Kwa ine, mabungwe amene akugwira ntchito yofunika koposa ndi amene salowa m'malo mwa boma koma amalikumbutsa udindo wake. Mgwirizano wa mabungwe wa CSEC wakhala ukulondoloza bajeti ya maphunziro kwa zaka zoposa makumi awiri, kufunsa ngati gawo la maphunziro likufika pa mlingo umene mayiko anagwirizana, wa magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse a bajeti, ndiponso ngati ndalama zolembedwazo zikutulukadi. Ntchito imeneyi ilibe chikwangwani, ndipo n'chifukwa chake opereka ndalama saikonda kwenikweni.

Wa ku Bungwe

Bambo, mfundo yanu ndi yolemera, koma mwana amene ali mu Sitandade 2 lero sangadikire mpaka bajeti idzakonzeke. Pofika nthawi imeneyo adzakhala ali ndi ana akeake. Chimene ndikuona kuti chikusintha ndi mtundu wa mgwirizano. Tengani chitsanzo cha ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023, ya matabuleti otchajidwa ndi sola ophunzitsira ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Mwini wake ndi Unduna wa Zamaphunziro, pamene Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO ndi othandizira, ndipo cholinga chake ndi kufikira sukulu zonse za pulayimale za boma, osati zosankhidwa zokha. Zikatero funso silikhalanso lakuti ndani alandira, koma lakuti ndani alandira poyamba ndipo ndani adikira mpaka kumapeto. Apo mpamene ndikugwirizana ndi aphunzitsi a ku chigwa kuti otsiriza pa zonse ndiwo anayenera kukhala oyamba.

Wokhometsa Mafunso

Nanga tabuletiyo ikawonongeka zaka zisanu zikubwerazi, othandizira atapita, adzagule ina ndani? Ngati ndalama yake siikuoneka m'bajeti ya boma kuyambira pano, tidzakhala ndi makabati odzaza ndi zipangizo zakufa. Ndiponso sukulu yopanda chipinda chokhoma idzazisunga kuti? Mwaona kuti ngakhale ndondomeko ya dziko lonse imayamba yakondera amene ali kale ndi khoma ndi chitseko.

Bambo wa Mwana Wosamva

Pepani kuti ndalowerera mochedwa. Nonse mwakamba za kutalika kwa mtunda, za njala ndi za atsikana, koma pali ana ena amene amatsalira ngakhale pa sukulu ya pa msewu ija ya zikwangwani zinayi. Mwana wanga wamkazi samva, ndipo anakhala zaka zitatu mu Sitandade 1 pa sukulu imene inali ndi phala, mjigo ndi mabuku atsopano. Ankalandira phala ngati anzake, ankakhala kutsogolo monga aphunzitsi anandilonjezera, koma palibe ndi mmodzi yemwe pa sukulupo amene ankadziwa chinenero cha manja. Ankangokopera zimene zili pa bolodi mokongola kwambiri, osadziwa kuti zikutanthauza chiyani. M'kaundula ankawerengedwa ngati mwana amene thandizo lamufikira.

Aphunzitsi a ana aulumali amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana ofuna thandizo lawo, moti mmodzi amayendera sukulu zingapo pa njinga. Sukulu za ana osamva monga ya Mua ku Dedza, ya Maryview ku Chiradzulu ndi ya Embangweni ku Mzimba zinayambitsidwa ndi mipingo, ndipo malo ake ndi owerengeka. Mwana wanga anapeza malo pa imodzi mwa sukulu zoterezi ali ndi zaka khumi, ndipo tchuthi choyamba atabwera kunyumba anandiphunzitsa dzina limene anzake anamupatsa m'chinenero cha manja, chala chokhudza kachipsera ka pachibwano pake. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa kanali koyamba kuti ine ndi mwana wanga tiuzane kanthu kopitirira njala ndi tulo.

Pempho langa kwa a mabungwe ndi lakuti musamaike ana aulumali pa ndime yomaliza ya pulojekiti, pamene mumalemba kuti mudzamanga potsetsereka polowera njinga ya olumala. Potsetserekapo n'pofunika, koma wosamva, wosaona ndi wachialubino amene saona bwino pa bolodi sapindula napo kanthu. Mabungwe a eni ake aulumali, monga FEDOMA ndi MANAD, alipo. Bwanji osakhala nawo pansi musanalembe pempho la ndalama?

Wapampando wa Komiti ya Sukulu

Bambo, mwatikumbutsa chinthu chimene ifenso a makomiti timachiiwala, ndipo ndikachitengera ku msonkhano wathu. Ine ndikufuna kuwonjezera za mapeto a mgwirizano, chifukwa chiyambi chake aliyense amachidziwa: kumakhala magule, mafumu, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi kudula riboni. Pa sukulu pathu bungwe lina linatimangira mdadada wa makalasi awiri ndi thanki ya madzi yopopa ndi sola. Ife tinaumba njerwa, tinatuta mchenga ndi miyala, monga tinagwirizana. Chikalata cha mgwirizano chinali cha m'Chingerezi, masamba ambirimbiri, ndipo ndinasaina ine ndemwe ndisanamve zonse zimene zinali mmenemo. Patapita zaka ziwiri pampu inafa, ndipo titapita ku ofesi yawo tinapeza pakhomo pali chikwangwani cha sitolo. Ku khonsolo anatiuza kuti chikalatacho chimati kukonza ndi udindo wa komiti, pamene mtengo wa pampuyo unkaposa ndalama yonse ya SIG, yotukulira sukulu, imene sukulu yathu imalandira kuchokera ku boma pa chaka, yomwenso imafika mochedwa ndipo ili kale ndi ntchito zake.

Akanatifunsa poyamba, tikanasankha mjigo wamba, umene amisiri a m'mudzi amatha kuukonza ndi zipangizo zogula pa boma. Kuyambira pamenepo komiti yathu inapangana kuti sitisainanso chikalata chimene sichinamasuliridwe m'Chichewa n'kuwerengedwa pamaso pa makolo ndi a gulupu, ndipo funso lathu loyamba kwa mlendo aliyense limakhala lakuti mudzachoka liti, nanga mukadzachoka chidzatsale m'manja mwa yani. Ena amadabwa nalo funsoli, koma abwinoabwino amaliyankha mosavuta.

Mlangizi Wopuma

Aphunzitsi a ku chigwa, tisakusiyeni ndi madandaulo okhaokha. Mabungwe ndi khonsolo amayendera zolembedwa, ndipo sukulu imene siioneka pa pepala imakhala ngati kulibe. Khalani pansi ndi ahedi, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi gulu la amayi, muonetsetse kuti pulani yotukulira sukulu yanu ili ndi ziwerengero zenizeni: ana angati pa kalasi iliyonse, makalasi angati ali panja, masiku angati amene simunaphunzitse chifukwa cha mvula kapena mtsinje, ana aulumali angati ndipo ulumali wake ndi wotani. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana osapitirira 60, choncho lembani poyera kuti inu muli pati. Pulaniyo isathere mu kabati ya ahedi. Ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ikafike ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) kwa a T/A, kuti ikalowe m'pulani ya chitukuko ya boma lanu, chifukwa bungwe likafika ku DEC, wa zamaphunziro amatha kuloza chimene chili m'pulanimo. Khansala wanu ndi mlangizi wa zoni akhale ndi kope lawolawo.

Ndikuuzeninso kuti nkhani ya mlatho musaisiye kunja poganiza kuti si ya maphunziro. Namondwe wa Freddy atawononga chigawo chakummwera mu Malichi 2023, sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo thandizo linkafika msanga kumene msewu unalipo. Pa sukulu ngati yanu, mlatho ndiwo udzabweretse phala, mabuku, ngakhalenso mphunzitsi wamkazi wovomera kudzakhala kumeneko.

Mphunzitsi wa ku Chigwa

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Alangizi, ndalankhula ndi ahedi madzulo ano, ndipo avomera kuti tiitanitse komiti ndi gulu la amayi Lachisanu likudzali. Masiku amene tinaweruka msanga chifukwa cha mvula ndakhala ndikuwalemba kumapeto kwa kaundula wanga kuyambira chaka chatha, mongodzikumbutsa ndekha, osadziwa kuti angadzagwire ntchito. Bambo a mwana wosamva, m'kalasi mwanga muli mnyamata amene sayankha ndikamuitana ali chondifulatira, ndipo ndakhala ndikumuyesa wamwano. Mawa ndikaonana ndi agogo ake amene amamulera, kenako ndidzakufunsani kumbali njira imene munatsata kuti mwana wanu akayezedwe. Awapampando, ngati n'kotheka nditumizireni mafunso amene komiti yanu imafunsa alendo, kuti tikawawerenge pa msonkhano wa Lachisanuwo.